Khanda lobadwa lopanda asilikali a m'thupi: mmene kuika mafuta a m'mafupa kumayendera

Tsiku loika mafuta a m'mafupa mwa mwana limadabwitsa makolo ambiri, chifukwa amayembekezera opaleshoni yaikulu koma saiona. Namwino amalowa ndi kathumba konga ka magazi. Amawerenga dzina ndi nambala mokweza, mnzake n'kutsimikizira, kenako amakapachika pa chitsulo cha dripi n'kukalumikiza ku kapaipi kamene kanaikidwa kale mu mtsempha waukulu wa pachifuwa. Madzi ofiira aja amatsika dontho ndi dontho, mwana ali m'tulo kapena akuyamwa chala, ndipo pakatha maola ochepa kathumba kaphwa. Palibe mpeni wokhudza fupa la mwanayo. Maselo olowawo amayenda ndi magazi n'kukadzipezera okha malo m'kati mwa mafupa.

Achipatala amalitcha tsiku 0, ndipo pa masiku onse losavuta ndi limeneli. Zimene zimagamula ngati mwana akhale ndi moyo zimakhala zitachitika kale: wafika pa tsikuli ali ndi miyezi ingati, ndipo wafika ndi tizilombo totani m'mapapo ndi m'matumbo. Nkhani ya matenda a SCID, amene khanda limabadwa nawo lopanda chitetezo cha m'thupi, yagona pamenepo.

Dzina lakuti mafuta a m'mafupa limasokeretsa pang'ono. Chofunika m'menemo si mafuta ayi, koma maselo a mbewu, amene madokotala amati ma stem cell. Amenewa ndiwo amabala maselo onse a magazi, kuphatikizapo asilikali a m'thupi. Mwa asilikaliwa muli magulu atatu oyenera kuwadziwa. Maselo a T ndiwo atsogoleri. Amabadwira m'mafupa koma amakaphunzira ntchito mu kachiwalo kotchedwa thymus, kuseri kwa fupa la pachifuwa. Maselo a B amapanga ma antibody, zida za m'magazi zogwira tizilombo, koma sachita bwino popanda kulamulidwa ndi a T. Maselo a NK amapha maselo amene alowedwa ndi mavairasi. Mwana wa SCID amabadwa wopanda maselo a T ogwira ntchito, choncho ngakhale a B akhalepo, ali ngati gulu lopanda woliuza chochita. Akapanda kuthandizidwa, kawirikawiri sakwanitsa chaka chimodzi kapena ziwiri.

Cholakwika chimakhala m'majini, malangizo a thupi amene mwana amatengera kwa makolo, ndipo majiniwo ndi osiyanasiyana. Jini ya IL2RG ili pa kromozomu (mtolo wa majini) ya X, imene mwana wamwamuna amalandira kwa mayi, choncho mayi amainyamula osadwala, ndipo mwana wamwamuna aliyense amene angabereke ali ndi mwayi wa theka woti adwale. Mitundu ina, monga ya JAK3, RAG1, RAG2, Artemis ndi ADA, imafuna kuti bambo ndi mayi onse apereke jini yolakwika, ndipo pamenepo mimba iliyonse ili ndi mwayi umodzi pa 4. Kudziwa mtundu weniweni si nkhani ya m'mabuku chabe. Mudzaona m'munsimu kuti mtunduwo ndiwo umasankha mankhwala.

Chopweteka n'chakuti khandalo limabadwa looneka la thanzi, lonenepa bwino. Ma antibody amene linalandira kwa mayi kudzera m'nsengwa amaliphimba kwa miyezi ingapo. Akayamba kutha, zizindikiro zimatulukira: zoyera za mafangasi m'kamwa zimene zimangobwerera mankhwala akatha, kutsegula m'mimba kosalekeza, sikelo yosakwera, chifuwa chouma ndi kupuma mobanika chifukwa cha chibayo cha Pneumocystis. Zimafanana kwambiri ndi za mwana wa HIV, moti n'koyenera kuyeza kachilomboko poyamba. Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri ndi kuimira pomwepo zotsatira zikaonetsa kuti kachilombo kalibe. Pepala wamba loyezera magazi limakhala ndi yankho pafupi. Ma lymphocyte (maselo a T, a B ndi a NK onse pamodzi) 1,500 pa maikulolita ya magazi ndi abwinobwino kwa munthu wamkulu, koma kwa khanda ndi ochepa kwambiri, chifukwa khanda limakhala ndi ambiri ndipo pafupifupi 70 pa 100 alionse ndi a T. Akatsika pa 2,500, dokotala ayenera kuwerengetsa magulu atatu aja paokhapaokha. Maselo a T osakwana 300 ndi chizindikiro champhamvu cha SCID. Chenjezo ndi lakuti nambala yooneka bwino simasula mwana, chifukwa nthawi zina maselo a B amakhala ochuluka, kapena maselo a T a mayi anawolokera mwa mwana ali m'mimba n'kumawerengedwa ngati ake.

Kufulumiraku kuli ndi manambala ake. Mu 2014 magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine inafalitsa zotsatira za makanda 240 amene anaikidwa maselo ku North America kuyambira 2000 mpaka 2009. Mwa amene anaikidwa asanapitirire miyezi itatu ndi theka, 94 pa 100 alionse anali moyo patatha zaka 5. Mwa okulirapo amene anali asanadwalepo, anali 90. Mwa okulirapo amene anadwala n'kuchira asanaikidwe, anali 82. Koma mwa okulirapo amene anafika pa tsiku 0 matenda ali m'thupi, anatsala 50 okha. Ntchito yake ndi yomweyo, zipatala zake n'zomwezo, koma kusiyana n'kwakukulu chonchi. N'chifukwa chake mayiko ena amayeza khanda lililonse. Amatenga dontho la magazi pa chidendene n'kufufuzamo tizidutswa ta DNA totchedwa TREC, timene timatsalira thymus ikamatulutsa maselo a T atsopano. Dera la Wisconsin ku United States linayamba mu 2008, ndipo pofika kumapeto kwa 2018 madera onse a dzikolo anali akuyeza. Kuyezaku kunaonetsa kuti matendawa amapezeka mwa khanda limodzi pa 58,000, kuposa mmene ankaganizira kale.

Matenda akangodziwika, ntchito yoyamba ndi kusunga mwanayo kuti asatole kachilombo kalikonse pamene wopereka akufunidwa. Amakhala m'chipinda chake, alendo ochepa, wa chimfine osalowa, aliyense kusamba m'manja. Amalandira ma antibody ochokera kwa anthu ena, pafupifupi mamiligalamu 400 mpaka 600 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, milungu itatu kapena inayi iliyonse. Amamwa cotrimoxazole wotsekereza chibayo chija, ndi mankhwala a mafangasi. Akatemera a tizilombo tamoyo amaletsedweratu: BCG (wa TB), wa poliyo wodonthezera m'kamwa ndi wa rotavirus. BCG ndiye wovuta kwambiri, chifukwa m'mayiko ambiri amabayidwa mwana akangobadwa, matenda asanadziwike. Mwa makanda a SCID amene analandira BCG, pafupifupi theka amadwala naye, ndipo mwa ambiri amafalikira m'chiwindi, m'mafupa ndi m'mapapo, moti amafunika mankhwala a TB kwa miyezi yambiri. Mwana akafuna kuikidwa magazi, magaziwo ayambe awotchedwa ndi cheza chopha maselo oyera a woperekayo. Popanda kutero, maselo a T a mlendo aja amakhazikika mwa mwana n'kumuukira, ndipo zikatero kupulumuka n'kosowa. Ngakhale bere limafunsidwa. Mayi amayezedwa kachilombo ka CMV, kamene kamadutsa mu mkaka, ndipo ngati ali nako madokotala ambiri amalangiza kuimitsa kuyamwitsa. Langizoli ndi lowawa kwa mayi, ndipo liyenera kuperekedwa ndi chifukwa chake chomveka bwino, osati ngati lamulo chabe.

Wopereka safunika kufanana gulu la magazi ndi mwana. Chofunika ndi zizindikiro za pamaselo zotchedwa HLA, zimene thupi limazindikirira zake ndi zachilendo. Kawirikawiri amayerekeza 10, ziwiriziwiri pa malo 5. Majini ake ali pa kromozomu 6 ndipo amalandiridwa ngati mtolo, wina kwa bambo wina kwa mayi. Motero m'bale wa bere limodzi ali ndi mwayi umodzi pa 4 wofanana kotheratu, pamene kholo lililonse limafanana theka. M'bale wofanana ndiye wabwino kuposa onse. M'kafukufuku uja, ana 97 pa 100 alionse amene analandira kwa m'bale wotere anali moyo. Umu ndi mmene zinayambiranso: mu 1968 gulu la Robert Good ku yunivesite ya Minnesota linachiza kamnyamata ka miyezi 5 ndi mafuta a m'mafupa a mlongo wake. M'baleyo ayenera kuyezedwa kaye kuti iyenso alibe matendawa. Akasowa, amafufuza m'kaundula wa anthu odzipereka kapena m'nkhokwe za magazi a mchombo, koma kufufuzako kumadya milungu, ndipo mwana amene akudwala kale alibe milunguyo. Apa m'pamene bambo kapena mayi amalowa. Maselo a kholo sangaikidwe mmene alili, chifukwa theka losafanana lija lingaphe mwana. Amayamba achotsamo maselo a T oopsawo ndi makina a maginito, kapena amaika onse kenako n'kupereka cyclophosphamide pa tsiku 3 ndi tsiku 4 kuti aphe maselo amene ayamba kuukira.

Wopereka amayezedwanso mavairasi, ndipo chifukwa chake chinaphunziridwa mowawa. David Vetter, amene anabadwa ndi SCID mu 1971 ku Texas n'kukhala zaka 12 m'chihema cha pulasitiki chopanda tizilombo, analandira mafuta a m'mafupa a mlongo wake mu 1983. M'mafutamo munabisala kachilombo ka EBV. Popanda maselo a T okaletsa, kanayambitsa khansa ya maselo a B, ndipo anamwalira mu February 1984.

Kutenga mafutawo ndiko kumachitikira ku fiyeta. Wopereka amagonetsedwa tulo, n'kumugoneka chafufumimba. Dokotala amapapasa nsonga ziwiri za fupa la m'chiuno kumsana, pamene pamaoneka timaenje tiwiri, n'kulowetsa singano yochindikala mpaka imve kuti yabooleza chikhokho cha fupa. Amakoka pang'ono, mamililita 5 kapena kucheperapo, n'kusuntha singano, n'kukokanso. Akakoka zambiri pamalo amodzi amangotulutsa magazi wamba opanda mbewu yokwanira. Zokokedwazo zimasakanizidwa ndi mankhwala oletsa kuundana, n'kusefedwa kuti tizidutswa ta fupa titsale. Malire ake ndi mamililita 20 pa kilogalamu ya woperekayo. Cholinga ndi maselo pafupifupi 300 miliyoni pa kilogalamu ya wolandira, ndipo poti khanda limalemera makilogalamu 5 kapena 6 okha, kawirikawiri zosafika mamililita 100 zimakwana. Woperekayo amamva kuwawa m'chiuno masiku angapo, amapatsidwa mankhwala owonjezera magazi, ndipo mafupa ake amabwezeretsa zonse m'milungu yochepa. Magulu a magazi akasiyana, labotale imachotsamo maselo ofiira kapena madzi a magazi kathumba kasanafike kwa mwana.

Tsopano funso limene madokotala amatsutsanapo kwambiri: kodi mwana apatsidwe mankhwala amphamvu olambula mafupa asanalandire maselo atsopano, kapena ayi? Pa matenda ena funsoli kulibe. Mwana wa Wiskott-Aldrich kapena wa CGD, matenda enanso obadwa nawo a chitetezo cha m'thupi, ali ndi maselo a T amene angakane alendowo, choncho kulambula n'kosapeweka. Wa SCID alibe omukanira, ndipo n'zotheka kungomuika maselo popanda mankhwala alionse. Ubwino wake ndi woonekeratu kwa khanda lofooka kale ndi chibayo. Koma m'mafupa mwake malo amakhala odzaza ndi mbewu yake yolakwika. Maselo a T a wopereka amakhazikika, koma mbewu yatsopano imasowa pomera, ndiye maselo a B amakhalabe akale. Pa mtundu wa IL2RG ndi JAK3, maselo a B akalewo samva malamulo ngakhale atsogoleri abwera, chifukwa cholandirira uthenga chawo n'chowonongeka ndi jini yomweyo. Mwana wotere amakhala ndi moyo koma angafunike ma antibody a m'botolo moyo wake wonse. Pa mtundu wa RAG vuto limakula, chifukwa maselo a NK alipo ndipo angathe kukana alendowo, komanso malo a m'thymus amakhala atatsekedwa ndi maselo osakhwima.

Akasankha kulambula, amapereka busulfan kapena treosulfan pamodzi ndi fludarabine kwa masiku angapo tsiku 0 lisanafike, nthawi zambiri ndi ATG kapena alemtuzumab, mankhwala opha maselo a T. Busulfan safuna kuyerekeza. Makanda amamutulutsa m'thupi pa liwiro losiyana kwambiri, choncho akapereka koyamba amatenga magazi kangapo kuti aone kuchuluka kwake n'kusintha mlingo. Akachepa, mbewu yatsopano simera. Akachuluka, chiwindi chimavulala. Angathenso kuyambitsa kukomoka, n'chifukwa chake amaperekedwa ndi mankhwala otsekereza. Zotsatira zake zina zimadzaoneka patapita zaka: kusabereka, kupinimbira, mano osakula bwino. Ana a mtundu wa Artemis ndi ena amene maselo awo sakonza bwino DNA ikaduka amavulala kwambiri ndi mankhwalawa, ndipo cheza sichiyenera kuwakhudza. Ine ndimaona kuti kulambula pang'ono, ndi mlingo woyezedwa, n'kwanzeru kwa mwana amene alibe matenda ndipo wakhwimako, chifukwa kumamupatsa chitetezo chathunthu chokhalitsa. Kwa amene akupumira makina, kupulumutsa moyo kuyambe. Zotsalazo zingakonzedwe ndi kuika kwachiwiri.

Pambuyo pa tsiku 0, mwana amene analambulidwa amalowa m'masiku oopsa. Maselo oyera amatsika mpaka kutheratu. M'kamwa ndi m'matumbo mumasupuka, malovu amangotuluka, amakana kuyamwa, ndipo amadyetsedwa ndi kapaipi ka m'mphuno kapena kudzera mu mtsempha. Thupi likatentha kufika madigiri 38, amatenga magazi okayeza n'kuyamba maantibayotiki a mu mtsempha pasanathe ola, osadikira zotsatira. Sikelo imakhala chida chachikulu m'milungu itatu yoyamba. Mwana akayamba kulemera mofulumira, mimba kutupa, chiwindi kukula ndi kuwawa, maso kuchita chikasu, ndiye kuti timitsempha ta m'chiwindi tatsekeka chifukwa cha mankhwala aja. Vutoli limatchedwa VOD, ndipo mankhwala ake ndi defibrotide, pamodzi ndi kuwerengetsa mosamala madzi olowa ndi otuluka. Pakati pa mlungu wachiwiri ndi wachitatu maselo oyera otchedwa ma neutrophil amayamba kuonekera, ndipo akapitirira 500 pa maikulolita masiku atatu otsatizana amati mbewu yamera.

Kumera si kuchira. Maselo a T a wopereka angaone thupi lonse la mwana ngati mdani, vuto lotchedwa GVHD. Limakonda kuyambira pakhungu. Yang'anani zikhatho, mapazi ndi kuseri kwa makutu: pamafiira, pamatuluka totupa ting'onoting'ono toyabwa, kenako n'kufalikira pathupi. M'matumbo limabweretsa kutsegula kwa madzi obiriwira, nthawi zina a magazi, moti anamwino amayeza thewera lililonse pasikelo. M'chiwindi limabweretsa chikasu. Amalitsekereza ndi ciclosporin kapena tacrolimus, amene mlingo wake umayezedwa m'magazi chifukwa akachuluka amawononga impso ndi kukweza kuthamanga kwa magazi. Likabuka, amayamba ndi methylprednisolone, mamiligalamu 1 mpaka 2 pa kilogalamu patsiku. Apa pali mfundo imene imasiyanitsa SCID ndi khansa ya m'magazi. Kwa wodwala khansa, kuukira pang'ono kuli ndi phindu chifukwa kumaphanso maselo a khansa. Kwa mwana wa SCID kulibe phindu ngakhale pang'ono. Kumawononga thymus yomwe tikuidalira, ndipo mankhwala okuletsa amafooketsa chitetezo chimene tikufuna kumanga. N'chifukwa chake CMV, EBV ndi adenovirus amayezedwa m'magazi mlungu uliwonse, kuti mankhwala ayambe nambala ikangokwera mwana asanaonetse kudwala.

Chotsala ndi kudikira, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Maselo ochokera kwa m'bale wofanana amabwera ndi maselo a T okhwima kale, amene amayamba ntchito m'milungu yochepa. Koma akachokera kwa kholo atachotsedwa maselo a T, mwana amayenera kudzipangira ake: mbewu ichoke m'mafupa, ikalowe mu thymus, ikaphunzire, itulukemo. Zimenezi zimatenga miyezi itatu kapena inayi, ndipo nthawi yonseyi mwanayo akadali wopanda chitetezo ngakhale akuoneka bwino. Maselowo akafika, pamachitika chinthu chimene chimaopsa makolo: pamene anabayidwa BCG pamatupa, pamafiira, mwanabere wa m'khwapa amakula. Kawirikawiri si matenda atsopano, koma asilikali amene angofika kumene apeza mdani amene anakhalapo kalekale. Madokotala amayezanso kuti mwa maselo a T, a B ndi ena, angati ndi a wopereka ndipo angati ndi a mwana. Kusakanikirana si vuto ngati a T ndi a wopereka ndipo nambala sizikutsika. Ma antibody a m'botolo amasiyidwa pokhapokha maselo a B aonetsa kuti akupanga okha. Akatemera amayambidwanso, oyamba akhale opanda tizilombo tamoyo, kenako n'kuyeza ngati thupi layankha.

Pali zimene mafuta a m'mafupa sangakonze. Pa mtundu wa ADA, thupi limasowa enzyme yochotsa poizoni wina m'maselo, ndipo poizoni amene amaunjikana amakhudzanso makutu ndi ubongo, choncho mwana ayenera kuyezedwa kumva ndi kakulidwe ngakhale chitetezo chabwerera. Mtundu womwewu uli ndi njira zinanso: jakisoni wa enzyme yosowayo amasunga mwana podikira, ndipo mu 2016 mayiko a ku Ulaya anavomereza Strimvelis, njira yokonza jini m'maselo a mwana yemweyo n'kumubwezera. Njira yokonza majini ilibe GVHD, koma inayamba ndi misozi. Mwa anyamata 20 a mtundu wa IL2RG amene anathandizidwa ku Paris ndi ku London kuchiyambi, 6 anadwala khansa ya m'magazi chifukwa chonyamulira jini yabwino kulowa m'maselo chinakakhala pafupi ndi jini yoyambitsa khansa. Zonyamulira za masiku ano zinakonzedwa poganizira zimenezo.

Banja limene lapezeka ndi mwana mmodzi wa SCID, kapena limene linataya makanda ndi matenda osadziwika bwino miyezi yoyambirira, lili ndi mwayi umene mwana woyamba analibe. Jini yolakwikayo ikadziwika, mayi ndi azichemwali ake angayezedwe ngati akuinyamula, ndipo mimba yotsatira ikonzekeredwe isanafike pobereka. HLA ya bambo, mayi ndi ana ena iyezedweretu. Mayi ayezedwe CMV mimba isanathe. Pa khadi pake palembedwe moonekera kuti khanda lisabayidwe BCG kapena kudonthezedwa wa poliyo mpaka zotsatira zituluke. Mwana akangobadwa, magazi a pamchombo apite ku labotale tsiku lomwelo kukawerenga maselo a T, a B ndi a NK, ndipo khandalo likhale pa lokha ndi mayi wake mpaka yankho libwere.